Lupanga la Mjapani ndi Chikwanje cha Amjomba

Ndiyambe n'kuulula kuti ndine mwana wovuta, kuti musataye nthawi kufunsa ena. Bilimankhwe amene anapezeka m'dirowa ya aphunzitsi a masamu ndinaikamo ndine. Chitedze cha pabedi la pulifekiti ndinawaza ndine. Ndili Fomu 4 tsopano pa sekondale ina ku boma la Mangochi, ndipo sanandichotsebe chifukwa mayeso ndimakhoza. Koma zimene ndikulemba pano zinachitika holide yaikulu yapitayi, nditamaliza Fomu 3, ku Namwera kwa amjomba anga, achimwene awo a mayi anga, amene ali ndi butchala pamsika.

Ku Namwera nkhondo ya ku Mozambique timaimva ndi makutu. M'mawa kukakhala bata, kuseri kwa mapiri kumamveka du! du! ngati wina akusinja mumtondo wopanda kanthu, ndipo pakapita masiku awiri anthu amatulukira m'tinjira ta m'minda ya fodya: mapazi otupa, ana atavala masaka, ena makungwa. Ena amapita kumsasa wa othawa nkhondo kukalembetsa, ena amangomanga tizisakasa kuseri kwa msika, poti Chiyao n'chimodzi ndipo achibale ndi omwewo. Alipo amene anabwera opanda makutu. Alipo amene anabwera opanda milomo, mano ali pamtunda ngati akuseka tsiku lonse. Poyamba tinkathawa tikawaona. Kenako tinazolowera, mpaka kumanenerera nawo mtengo wa tomato.

Pafupi ndi mzikiti pamakhala mkulu wina amene tonse timawatcha Che Sajeni. Ali mnyamata anatengedwa kukamenya nkhondo ya azungu ku Burma, ndipo anabwerako ndi mizere itatu pamkono ndi lupanga la Mjapani, limene anakwera nalo sitima atalibisa m'kati mwa nsungwi. Lupanga limenelo ndilo linawayambitsa matenda otolera zitsulo zophera anthu. M'chipinda mwawo muli malupanga awiri achiarabu a nthawi yogulitsana ukapolo, mipeni isanu yosomeka kumfuti, mikondo, ndipo chiyambire kubwera othawa nkhondo anayamba kuwasinthitsa zikwanje zawo ndi ufa. Chitsulo chilichonse chili ndi kakatoni komangirira ndi ulusi, kolembapo kumene chinachokera.

Kutolera kokha sikukanandivuta. Chimene chinkandiyabwa n'chakuti Che Sajeni amati zitsulozo amaziwerenga. Malo obenthuka a pampeni amawatcha zipsera. Amatenga galasi lokulitsa zinthu, n'kuyendetsa chikhadabo pang'onopang'ono m'mphepete, kenako amadula kachidutswa ka sopo wochapira n'kukadinda pachipsera kuti maonekedwe ake atsalire pasopo. Tisopoto amasunga m'timabokosi ta machesi, ndipo zimene aona amalemba m'makope a ana asukulu.

"Mtengo subenthula chitsulo, umangochipinda," ankatero ife anyamata titakhala pakhonde pawo. "Mwala umaphwanya mosalongosoka. Chitsulo chikakumana ndi chinzake, chipsera chimakhala chopyapyala, chakuya. Koma fupa! Fupa limaluma mozungulira, ngati khoswe pachinangwa."

Zikwanje za othawa nkhondo zinkawakhumudwitsa. Ankazitembenuza, kuzinunkhiza, kudinda sopo, kenako n'kuusa moyo. "Ichi chadula nsungwi. Ichi chakumba chinangwa. Ichi mwana ankatsegulira zitini." Nkhondo inali kuseri kwa phiri lomwelo, ankaimva m'mawa uliwonse, koma m'chipinda mwawo munalibe ngakhale chitsulo chimodzi chimene chinaiona. Njala imeneyo ine ndinaizindikira msanga.

Lupanga la Mjapani ankalitulutsa Lachisanu lokha, kuti alipake mafuta a makina osokera. Sindikunama, n'lokongola. Kutalika kwake n'kuchokera pansi kufika m'chiuno mwanga, n'lokhota pang'ono, ndipo mbali yakuthwa kuli mzere wotuwa woyenda ngati mafunde. Chigwiriro chake n'chokulungidwa ndi chingwe, pansi pa chingwe pali chikopa choyera cha timatuza chimene iwo amati ndi khungu la nsomba ya m'nyanja yamchere. Asodzi a ku Lungwena obwera ndi usipa panjinga ankangoseka, amvekere nsomba yotere ikodwe kaye m'khoka mwawo. Chigwiriro chonsecho chimagwidwa ndi kamsomali kamodzi ka nsungwi. Akakakhomola, chitsulo cha m'kati chimatuluka chili bii ndi dzimbiri, chili ndi zilembo zimene ku Namwera kulibe angawerenge, ngakhale a Shehe. Zipsera zilipo zitatu. Ziwiri za kumsana amati n'zakale kuposa nkhondo yawo, chifukwa m'mbali mwake munasalala ndi kupukuta kwa anthu amene anafa kalekale. Chachitatu, cha mbali yakuthwa, anachiona chikuchitika: lupangalo linagunda chitsulo cha mfuti ya mnzawo n'kutsetsereka mpaka pakhosi. Mjapaniyo anamuwombera ndi iwo, mnzawo atagwa kale.

Lachisanu lina ndinapita pakhondepo ndikudya kanyenya wa mbuzi, ndipo iwo atatembenuka kuti atenge kansalu ndinadinda chala changa chamafuta pakati penipeni pa lupangalo. Ndinkangofuna kuona nkhope yawo. Ndinaiona. Anandikwapula pamsana ndi chimake cha lupangalo, n'kundigwaditsa pamiyala padzuwa, atsikana ochokera ku madrasa akudutsa ataphimba kukamwa ndi mipango.

"Iwe wa Fomu 3, kusukulu kwanuko amakuphunzitsani kusaina ndi mafuta a mbuzi? Mbiri yanu ya m'mabuku analemba ndi anthu odya bwino. Buku limanama. Chitsulo sichinama."

Mawondo akuwotcha chomwecho, ndinalumbira kuti chitsulo ndichinamitsa.

Kuseri kwa butchala kunali chikwanje chakale cha amjomba, chimene anadulira mafupa a mbuzi zaka zambiri mpaka mpini unang'ambika. Ndinachikwirira mlungu wathunthu m'phulusa lonyowa losakaniza ndi mchere, pafupi ndi bafa. Nditachifukula chinali ngati chagona m'thengo dzinja lonse. Ndinachikulunga m'saka n'kupita nacho, nkhope ili ya munthu amene walapa.

"Che Sajeni, ndabwera kudzapepesa. Ndakubweretserani ichi."

Anachilandira ndi manja awiri n'kuchigoneka pamawondo. "Wachitenga kuti?"

Apa m'pamene ndinali ndisanakonzekere. Ndinaiwala kuti iwo salandira chitsulo chopanda kwawo. Ndinaponya maso kumsewu, ndipo kunkadutsa bambo wina wothawa nkhondo atasenza mtolo wa nkhuni. Ameneyu anabwera yekha, wopanda mkazi, wopanda mwana, n'kumanga kachisakasa kumapeto kwa msika. Ankadula nkhuni kuphiri n'kumagulitsa kwa amayi a zitumbuwa ndi m'malesitilanti. Chichewa sankachidziwa, ndipo ngakhale Chiyao ankangoyankha mawu awiri atatu. Ndinaona kuti munthu wotere Che Sajeni sangapite kukamufunsa.

"Kwa bambo wa nkhuni uyo. Ndinamuona akuchikwirira kuseri kwa chisakasa chake."

"Munthu wodula nkhuni akwirire chikwanje?"

"Inenso zinandidabwitsa, Che Sajeni."

Masiku atatu Che Sajeni sanatuluke m'nyumba. Ndinkadutsa pawindo n'kumawaona atawerama ndi galasi lawo, tisopo tili mbwee patebulo, ine n'kuthamangira kuchimbudzi kukaseka. Ndinkayembekeza kuti anena za msilikali wolimba mtima, za nkhondo ya pamtsinje wakutiwakuti, kuti ine ndiwafunse pagulu kuti kodi adani a msilikaliyo anali ndi nyanga zingati.

Lachisanu titatuluka mumzikiti, amuna ataima pamthunzi kuvala nsapato, Che Sajeni anamasula saka lija.

"Abale anga, chitsulo ichi chafukulidwa kuseri kwa chisakasa cha wa nkhuni uja, ndipo sichinadulepo mtengo. Zipsera zonsezi n'za mafupa, n'zambiri moti ndasiya kuwerenga. Koma chimene chandikanika kumeza ndi ichi. Ine mafupa a amuna ndinawaona ku Burma, kukula kwake ndikukudziwa, kalumidwe kake ndikukadziwa. Awa ndi aang'ono. Awa ndi mafupa a ana."

Wina anati, "Astaghafirulahi." Ine ndinaluma kofiya yanga kuti ndisaphulike. Ana! Mbuzi za amjomba zasanduka ana! Ndikanaulula pomwepo nkhani ikanathera pamthunzi pomwepo, ndi makofi awiri atatu. Koma ndinafuna kuti ipse bwino. Ndinafuna alembe kaye m'kope ndi inki, auze a Shehe, auze aliyense, kuti podzagwa agwe kuchokera pamwamba. Ndinadzipatsa mpaka Lolemba.

Nkhani sinadikire Lolemba langa. Loweruka palibe amene anagula nkhuni kwa bambo uja. Anazungulira msika wonse mtolo uli pamutu, osadziwa chifukwa chake amayi akumulavulira. Lamulungu masana ana anagenda chisakasa chake mpaka denga linagwa. Lolemba m'mawa tcheyamani wa msika ndi anyamata ake anamugwira akutsika kuphiri, n'kumumanga manja kumbuyo ndi waya pamzati wa shedi ya nsomba. Tcheyamaniyo sanafune kuti nkhani ipite kupolisi, amvekere kumeneko ikachedwa ndi mapepala. Analengeza kuti Lachitatu, tsiku la msika waukulu, anthu akamuona mokwanira, amuperekeza kumalire kukamupereka kwa asilikali a kwawo, chikwanje chake chili m'khosi. Aliyense ankadziwa kuti asilikali amenewo munthu wotchedwa chigawenga samuyendetsa patali. Amangomulowetsa m'thengo pang'ono, ife kuno n'kumva mfuti kamodzi.

Panali mayi wina wogulitsa tomato, nayenso wothawa nkhondo, amene amamanga mpango motsitsa kuti ubise pamene panali makutu. Ana ake awiri anakawapeza ataphedwa m'munda wa chinangwa zigawenga zitachoka. Masana a Lolemba lomwelo ndinamupeza pakhonde pa Che Sajeni atagwada, chikwanje cha amjomba chili m'manja, akuyendetsa chala pa zipsera chimodzichimodzi.

"Che Sajeni, wanga wamng'ono anali asanayambe kuyenda. Ndi pati apa?"

"Mayi, zimenezo chitsulo sichinena."

"Ndionetseni chaching'ono kwambiri."

Iwo anatsegula kabokosi ka machesi n'kumupatsa kasopo kamodzi. Anakamanga pakona ya chitenje, mfundo ziwiri, n'kubwerera kumsika kukakhala pansi moyang'anizana ndi mzati uja. Sanatukwane, sanagende. Ankangomuyang'ana.

Pamenepo kuseka kunandithera. Ndinathamangira kubutchala.

"Amjomba, chikwanje chija n'chanu. Chakale chija, cha mpini wong'ambika."

Anaika mpeni pansi n'kuyang'ana ngati pali kasitomala pafupi. "Changa chiti? Ine sindinatayepo chikwanje."

"Amjomba, munthu uja akamupha."

"Iwe, tamvera. Che Sajeni anena pamzikiti kuti chadula ana. Ine ndikaime pamsika ndinene kuti n'changa? Theka la anthu limva kuti Che Sajeni alakwitsa, theka linalo limva kuti nyama ndimadulira chikwanje chodulira ana. Adzadyenso mbuzi yanga ndani? Tseka pakamwa, ndipo ukanditchula ukwera basi lero lomwe."

Ndinapita kwa tcheyamani. Ndinamuuza zonse, za phulusa, za mchere, za bafa. Ankamvetsera akutokosa m'mano, anyamata ake atandizungulira.

"Kodi iwe si uja unalengeza chaka chatha kuti lole ya ufa yafika, anthu n'kuthamanga ndi masaka kuchokera kumsasa?"

"Ndine, koma..."

"Si uja unauza a Shehe kuti mwezi waoneka, anthu n'kupha nkhuku kusala kusanathe?"

"Zimenezo zinali zocheza, a tcheyamani. Izi n'zoona."

"Anyamata, mwamva? Lero wanena zoona!" Anaseka onse, mmodzi n'kundimenya theche kumatako mpaka ndinakagwera m'mamba a nsomba.

Lachiwiri m'mawa ndinapita kwa eni ake galasi. Ndinawapeza akulemba m'kope ndi inki, monga mmene ndinkafunira.

"Che Sajeni, chikwanje chija n'cha mbuzi. Ndinachikwirira ndine."

Sanadzutse mutu. "Ukuopa, mwana wanga. Inenso tsiku loyamba limene mawu anga anaphetsa munthu ndinasanza. Zimapita."

"Walahi, Che Sajeni!"

"Usalumbire. Dzimbiri lake ndinaliona kuti n'lachibwana, lamchere, ndinati mwini wake ankafuna kubisa. Koma zipserazi sunapange iwe, n'za zaka zambiri. Iwe wanena kawiri, zosiyana. Chitsulo chanena kamodzi. Ndimvere ndani?"

Masana, alonda a pamzati atapita kukadya, ndinatengera bambo uja madzi m'kapu. Manja ake anali atatupa ngati mbatata, wayayo osaonekanso m'mnofu, ntchentche zili pamilomo. Ndinamumwetsa, n'kumuuza m'Chiyao kuti amene ananama ndine.

"Ndinakulakwira chiyani, wasukulu?"

"Palibe, bambo. Munkangodutsa."

Anagwedeza mutu ngati ndanena chinthu chomveka. "Kwathunso n'chimodzimodzi. Amatenga amene akudutsa."

Ndinaona kuti zoona zanga ku Namwera sizigulika. Chimene anthu amalandira kwa ine ndi bodza, ndiye ndinaganiza zowapatsa lina, lalikulu.

Muyenera kudziwa kagwiridwe ntchito ka amjomba. Ali ndi zitsulo ziwiri. Mpeni wochinjira, wophera mbuziwo, ndi wosalala, amauyesa pachikhadabo m'mawa uliwonse chifukwa mpeni wobenthuka umazunza chiweto, ndipo umenewo amagwira ndi dzanja lamanja akutchula dzina la Mulungu. Koma iwo anabadwa amanzere, ndiye chikwanje chodulira mafupa amagwira kumanzere. Chimene akugwiritsa ntchito masiku ano aliyense amachidziwa: mpini wake n'ngokulungidwa ndi chubu chofiira cha njinga, ndipo chimakhala pamsomali pamaso pa makasitomala.

Lachitatu m'mawa, iwo ali kuseri kuchinja mbuzi ziwiri za msika waukulu, ndinachichotsa pamsomalipo. Ndinachitsuka, kuchipaka matope, mpini n'kuukulunga ndi sanza. Pofika kushedi ya nsomba anthu anali atadzaza kale, a m'midzi, a kumsasa, a fodya, ndipo anyamata a tcheyamani anali akumangirira chingwe pa chikwanje choyamba chija kuti amukoleke nacho m'khosi. Ndinalowa pakati ndikukuwa.

"China! Ndafukula china! Pomwe paja!"

Tcheyamani yemwe uja, amene anandikana ndikunena zoona, anandigwira paphewa ngati mwana wake. "Mwaona? Dzana amafuna kumuteteza, lero chikumbumtima chamugwira. Kaitaneni Che Sajeni."

Anabwera atavala jekete lawo lausilikali, galasi m'thumba, sopo m'manja. Anagoneka zikwanje ziwirizo patebulo la wogulitsa usipa. Sanafulumire. Anapukuta matope, anayendetsa chikhadabo, anadinda sopo apa ndi apo n'kuyerekeza ndi tisopo ta m'mabokosi. Anthu ankakankhana kuti aone. Ine mtima unkagunda, koma osati ndi mantha okha ayi. Ndivomere, zinkakoma.

"Mafupa omwewo," anatero pomaliza. "Aang'ono. Ndipo ziwiri zonsezi lagwira ndi dzanja limodzi. Onani mmene zipsera zapendekera mbali imodzi. Munthu wake ndi wamanzere, wamphamvu, wozolowera. Chachiwirichi wadulira posachedwapa, mwina mlungu uno womwe."

Amayi ena anayamba kulira. Mwala woyamba unagunda mzati pamwamba pa mutu wa bambo uja. Ndinalumphira patebulo, n'kukweza chikwanjecho m'mwamba, n'kuyamba kumasula sanza zija pang'onopang'ono kuti aliyense aone bwino. Chubu chofiira chinatulukira.

Wina kumbuyo anati, "Aa! Si cha kubutchala icho?"

Ndipo Mulungu ndi wamkulu, nthawi yomweyo amjomba anatulukira akuthamanga, epuloni ili magazi okhaokha, mwendo wa mbuzi uli m'manja. "Watenga chikwanje changa ndani? Mbuzi ziwiri zikudikira, ndidule ndi mano?" Anandiona patebulo. Anachitsomphola m'manja mwanga ndi dzanja lamanzere, msika wonse ukuona.

"Che Sajeni akuti ziwirizi n'za munthu mmodzi, amjomba!" ndinakuwa.

Anayang'ana chakalecho, anayang'ana anthu, anaona kuti palibe pothawira. "Eya, n'changanso, nanga nditani! Galu uyu ndiye anachiba!"

Msika unaphulika ndi phwete. Amene ankalira anaseka misozi ili m'masaya. Wa usipa anagwera padengu lake. "Ana a Che Sajeni ali ndi nyanga!" "Ana a Che Sajeni amati mee!" Ine ndinaseka kuposa onse, mpaka amjomba anandigwetsa patebulo ndi mwendo wa mbuzi uja, ndipo pansi pomwepo ndinkasekabe.

Che Sajeni sanaseke. Anatola mwendo wa mbuziwo n'kuzunguliza fupa ndi zala ziwiri kuyesa kukula kwake. "Mbuzi," anatero, osauza munthu. Za dzanja lamanzere analondola, za mafupa analondola, ngakhale za mlungu womwe. Anaphonya chimodzi chokha: moyo wawo wonse anayang'ana zitsulo za nkhondo ndi za kumunda, chikwanje cha kubutchala anali asanachiikepo pansi pa galasi. Anatola timabokosi tawo n'kumapita, anthu akuwalirira ngati mbuzi kumbuyo.

Mayi wa tomato nayenso sanaseke. Anamasula mfundo za chitenje, n'kuyang'ana kasopo kaja, kenako ine.

"Iwe mwana, ndiye iyi ndi mbuzi?"

"Mbuzi, mayi."

Anakaika patebulo mosamala ngati kangasweke. Anatembenukira kwa womangidwa uja. "Ngati si iwe, ndi mnzako," anatero, n'kubwerera ku tomato wake.

Waya anachita kudula ndi pulayala ya wokonza njinga, chifukwa mfundo inali itamira m'mnofu. Dzanja lamanzere linatsitsimuka pang'onopang'ono. Kulamanja zala ziwiri zinali zitada ngati makala, zosamva ngakhale atazibaya ndi singano. Anamukweza palole ya fodya kupita kuchipatala ku boma, ndipo anabwerako patatha milungu iwiri zala ziwirizo atazichotsa. Tcheyamani ankauza anthu kuti iye ankakayika chiyambire. Kumalire sikunapite munthu.

Amjomba anandikwapula mpaka mkono unatopa, n'kundiponyera kachikwama kanga panja. Bambo anga anatumiza uthenga kuchokera ku Monkey Bay kuti nditenge tambala ndikapepese kwa Che Sajeni. Sindinapite, ndipo sindipita. Ine ndinanama pakhonde, kwa munthu mmodzi amene anandigwaditsa pamiyala. Galasi linali lawo, ana anawatchula okha, waya anali wa tcheyamani, miyala inali ya msika wonse, ndipo tsiku limene ndinanena zoona anandimenya theche. Tambalayo timugwire tonse, kunyamula ndinyamula ndine. Kusukulu kuno nkhaniyi ndaifotokoza kambirimbiri, ndi mawu a Che Sajeni, ndi kathamangidwe ka amjomba, ndipo hositelo yonse imagubuduzika pansi. Ndikafika pa zala ndimafulumira, chifukwa pamenepo anzanga amasiya kuseka n'kuyamba kundiyang'ana.

Che Sajeni anasiya kusinthitsa zikwanje ndi ufa. Ndinamva kuti anapita okha kubutchala kukapempha mafupa a mbuzi, a nkhosa ndi a ng'ombe, ndipo amadula kuseri kwa nyumba ndi zikwanje zatsopano n'kumadinda sopo. Anayamba kope lina. Nkhalamba imeneyo siimva.

Masiku otsala a holide ndinkagona kwa mnzanga, ndipo mlungu womaliza ndinkakwera kuphiri ndi bambo wa nkhuni, chifukwa kumeneko kokha n'kumene kunalibe wondiloza chala. Anali akuphunzira kudula ndi dzanja lamanzere, chikwanje chikumupulumuka, iye akutukwana m'Chipwitikizi. Sanandithamangitse, sankandiyankhulanso zambiri. Tsiku lomaliza anaunjika nkhuni paluzi n'kuyesa kumanga ndi zala zitatu zotsalazo. Luzi linamasuka kawiri konse.

"Wasukulu, manga."

Ndinaponda mtolowo ndi phazi n'kukoka.

"Mfundo yeniyeni," anatero. "Osati zabodza zako zija."

Ndinamanga yeniyeni. Anaikoka kuti aiyese, kenako ndinamusenzetsa, ndipo anayamba kutsika kulunjika kumsika, kumene amayi ena a zitumbuwa ayambanso kumugula nkhuni, ena amayang'anabe kumbali akamadutsa.